Atsibweni Satsikira Pamsewu

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu, inu muli kutsogolo kuno ndi inu mwaima kukhomo chifukwa cha ana olira. Ine ndine Nangozo, wa kumtunda kwa Fonte Boa. Ambiri mumandidziwa ndi dengu la batata. Lero dengu ndasiya, ndabwera ndi pakamwa.

Ana anga ndi awiri, Selina ndi Domingo. Onse ndinaberekera ku Dedza, kothawa nkhondo. Nkhondo itatha ife tinabwerera, koma alongo anga aFilipo anatsala komweko, anali atakwatira. Tinkangoonana pamaliro, kenaka ngakhale pamaliro ayi. Ana anakula, bambo awo anamwalira. Selina anaphunzira, anakwatiwa ku Ulongwe, analowa ndale, ankafuna mpando ku asembleya, kopangira malamulo. Domingo anayamba ndi njinga imodzi ku Kalomwe, pamalire paja, kunyamulira anthu matumba. Njinga zinachuluka, anthu ake anachuluka, katundu anasiya kudutsa pa geti la boma n'kuyamba kudutsa m'tinjira ta m'phiri. Wina akadutsitsa katundu osawauza, ankamuthyola mkono. Mwana wanga ameneyo, abale. Ndinamuyamwitsa ndine.

Nthawi ya kampanya ya zisankho anthu anayamba kumunong'oneza Selina kuti dzina la mlongo wake likumudetsa, akawalozere apolisi kumene amabisa katundu. Domingo atamva anabwera, anaima pamsewu, analumbira pamaso pa anthu kuti pakhomo pa Selina sadzapondaponso, ngakhale pakhale maliro. Masiku omwewo mnzake wina wa Domingo anapezeka atafa m'dimba, wakupha osadziwika. Ine ndinagwa ndili kumunda. Mwendo uwu unafa, dzanja ili linafa. Kuchipatala anati ndi tensawu, kuthamanga kwa magazi. Ananditengera kwa Selina, pakhomo pomwe paja pa lumbiro. Ndinkadziwa kuti ndifa osamuona mwana wanga, kapena adzandibweretsera ali m'bokosi. Ndinalira, abale, ndinalira. Kolona ndinkaigwira, mawu osatuluka.

Munthu wosayenda amakhala pamene amukhazika. Ine ankandikhazika patsogolo pa televizawu. Loweruka masana apongozi anga aZeka, amuna a Selina, ankaonera novela, sewero lopitirira sabata ndi sabata, ya azungu a ku America amene makolo awo anachokera ku Irlanda. Poyamba ndinkangoyang'ana khoma. Tsiku lina ndinaona mayi wokalamba akuchita chizindikiro cha mtanda asanadye, ndipo m'mbale yake munali batata. Mukudziwa kuti mpongozi sitilankhula naye zambiri, koma chidwi chinandichotsa manyazi.

"Apongozi, anthu awa ndi Akatolika?"

"Ee, amayi, ngati ife tomwe."

"Nanga batatayo amalima kuti, poti ndikungoona nyumba zosanja?"

Anaseka, kenaka anayamba kundimasulira. Mayi uja anali ndi ana awiri. Wamkazi ankafuna mpando wolamula mzinda, wamwamuna anali bwana wa zigawenga za kudoko, zolanda katundu wa m'sitima. Ndinatembenuka kumuyang'ana Selina. Iye anadzuka, akuti akaone madzi pamoto.

Kuyambira pamenepo Loweruka ndinkaliyembekeza. Anthu amenewa ankandidabwitsa. Wakufa amamuveka jekete, amamugoneka pabalaza, iwo n'kumamwa mowa ndi kuseka pambali pake. Ana amatukwanana mayi awo ali pomwepo, foloko ili kumanja. Koma ine ndinali ndi munthu mmodzi amene ndinkamudikira. Chitseko chikagogodedwa mu novelamo ndinkati, ndi ameneyo. Kulowa wapolisi. Sabata inayo ndinkati, lero afika. Kulowa wansembe. Ana afika potulutsirana mfuti, munthu osaoneka. Ndinalephera kupirira.

"Apongozi, kodi atsibweni awo afika liti?"

"Atsibweni ati, amayi?"

"Alongo ake a mayiyu. Mwini mbumba. Ana akuphana, iye ali kuti?"

AZeka anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Amayi, kumeneko kulibe zimenezo. Mlongo wa mayi ndi mlendo chabe, amabwera kudzadya pa Natale, tsiku lobadwa Ambuye, n'kumapita."

Ine sindinaseke. Ndinawamvera chisoni azunguwo. Magalimoto ali nawo, magetsi ali nawo, koma wowakhazika pansi alibe. Ndinatenga kolona kuwapempherera. Inde, ndinapempherera anthu a mu televizawu, sekani, ngakhale Selina anaseka. Mawu amene ankakana aja anatuluka. Ndili pakati pa Tikuoneni Mariya ndinaima. Nanga ana angawa ndi a ku Irlanda? Atsibweni awo ali moyo, kuseri kwa phiri komweku. Zaka zonse za malire zinatiiwalitsa kuti mbumba ili ndi mwini.

Ndinatuma mayi wina wogulitsa nyemba ku Dedza kuti akawauze aFilipo abwere kudzakhazika ana pansi. Iwo ndi okalamba, mawondo anatha, mapepala odutsira pa geti alibe. Njira yawo inali imodzi, ya m'phiri, ndipo njira za m'phiri mwini wake anali Domingo. AFilipo anayankha kuti, "Mukamuuze mwana wa mlongo wanga adzanditenge yekha. Ine sindikwera kumbuyo kwa munthu wosamudziwa." Domingo ankakana apolisi, ankakana ansembe, koma atsibweni sakanidwa. Anapita ndi njinga yake yamoto.

Dzuwa lili pamutu, ine ndili pakhonde, ndinamva njinga ikuima pamsewu. Ndinamuona mwana wanga, wowonda, chipewa chitaphimba maso.

"Tafika, atsibweni. Tsikani, nyumba ndi iyo."

AFilipo anangomugwira mapewa. "Unditule pamsewu ngati thumba la feteleza? Ine ndimatsikira pakhomo."

"Ndinalumbira, atsibweni. Anthu onse anamva."

"Unalumbira ine kulibe. Lumbiro la mwana womasula ndi mwini mbumba. Ndamasula. Tiye."

Domingo anangogwira njinga, phazi lili pansi. Anthu anayamba kusonkhana, ogulitsa tomato, odikira shapa, timabasi tija. Mkuluyo osatsika, akungokonza chipewa chake. Ine ndikuti akawagwetsa pansi n'kuthawa, ndiye kuti basi, mwana ndataya. Kenaka ndinaona phazi lake likuchoka pansi. Njinga inalowa pang'onopang'ono mpaka pamene ndinakhala. Anawatsitsa atsibweni ake, anaona dzanja langa lili lende, anagwada n'kuligwira.

AFilipo anaitanitsa mphasa. Anawakhazika onse awiri, wa kampanya ndi wa m'phiri, miyendo yotambasula ngati ana a katekisimu. Anayamba ndi Selina, anamaliza ndi Domingo, anabwereranso kwa Selina. Analankhula mpaka mthunzi unasuntha. AZeka anaima pawindo, televizawu ikulankhula yokha.

Sindikunamizani m'nyumba ya Mulungu kuti zonse zinatha tsiku limenelo. Domingo atasiya njira za m'phiri, anzake anamulanda njinga, anamuopseza. Apolisi anamutengabe, anakhalako miyezi, ndipo chakudya wokamupatsira anali Selina. Mpando uja Selina sanaupeze, mpaka lero amati tinamuwonongera kampanya, koma amanena akuseka. Domingo ali kumudzi, akulima dimba langa. Batata mumagula kwa ine uja wokumba ndi iyeyo. Mwendo unadzuka, ndabwera wapansi ndi ndodo iyi. Dzanja likadali lolemera, koma kolona limagwira.

Ndikuthokoza Ambuye amene anandilankhula kudzera mwa anthu osandidziwa. Ndikuthokoza inu amene munkabwera kudzandizonda. Novela ija sindinaimalize, kwathu kulibe magetsi. Wina wa inu akadzaona mathero ake, adzandipeze panja akatha mapemphero, adzandiuze ngati atsibweni a ana aja anafika. Apongozi akuti ndisavutike, safika. Koma mayi uja ndimamutchulabe pa kolona, kuti ngati ali ndi mlongo kwinakwake, Ambuye amukumbutse mlongoyo, afike ana asanaphane. Amen.