Mtsikana amene anabwerera mu utsi

Omvera anzanga, ndine mayi wa ku Kachulu. Nthawi ya chipani chimodzi, nditapita ku Zomba kukagulitsa matemba, ndinakumana ndi ophunzira akukoleji akuguba mumsewu, akuimba. Apolisi anawaponyera utsi wokhetsa misozi. Ndinagwa pansi, m'maso mukuwotcha, mpweya ukubanika.

Mtsikana wina mwa ophunzirawo anandikokera kuseri kwa sitolo n'kundiphimba kumaso ndi mpango wonyowa.

"Musatikite m'maso, mayi," anatero.

"Mwanawe, thawa, akuvulaza."

"Mantha ndili nawo, mayi, koma anzanga ali momwemo."

Anabwerera mu utsi muja akutsokomola, n'kuyambitsanso nyimbo. Sindinkadziwa kuti mwana wamkazi angaime chotero pamaso pa boma.

Dzina sindinamufunse. Ngati akumvera, adziwe kuti ndi chifukwa cha iye kuti mwana wanga wamkazi sindinamusiyitse sukulu.