Njerwa Yamabowo M'chipinda cha Mayi Msosa

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1931 ku Bembeke m'boma la Dedza. Mayi Anastasia Msosa anaphunzira pamishoni pomwepo mpaka sitandade 6, kenako masisitere anawaphunzitsa kusoka. Mu 1952 anakwatiwa ndi Bambo Albert Msosa, ndipo Mulungu anawapatsa ana anayi. Anawalera ndi makina osokera, ndipo ine Rex, mwana wa mlongo wawo, kabudula wanga woyamba wakusukulu anasoka ndi iwowa.

Bambo Msosa atatisiya mu 1992, mwana wawo Justus, amene anakhazikika kuno atamaliza maphunziro, anawaitana kudzakhala ku Handsworth, m'dziko lino la azungu. Anafika akunyada kuti munthu wa ku Dedza saopa chisanu. Sabata isanathe tinawapeza atavala majuzi awiri, chitenje atatsekera nacho mpata wa pansi pa chitseko. Tinawaseka, nawonso anaseka, koma zala zinkawawawa moti singano inayamba kuwakanika.

Mu Novembala 1995, Justus anaitana amisiri kudzapopera kudenga thovu lija limafufuma n'kuuma, kuti kutentha kusamathawe. Amisiriwo anagwira ntchito yawo n'kumapita. Ife tinaona ngati sizinakwane. Tinagula zitini za thovu lomwelo, ine ndi Justus n'kumata mng'alu uliwonse m'chipinda cha Mayi. Pakhoma panali njerwa yamabowo, pamene pankalowa mphepo. Tinadabwa kuti anthu angamange bwanji nyumba yobooka m'dziko lozizira chonchi, ndiye tinaimata. Mayi anatithokoza akuwomba m'manja, kunena kuti kwa nthawi yoyamba agona atatambasula miyendo.

Khirisimasi itadutsa anayamba kudandaula mutu, nseru ndi kufooka. Tonse tinati ndi malungo. Chikhalirecho malemu anali atatha zaka zitatu osaona udzudzu. Tinawapatsa mankhwala amene anabwera nawo mlendo wochokera kumudzi, n'kuwatsekera chitseko, mbaula ya gasi ili chiyakire, kuti atuluke thukuta.

Pa 12 Januwale 1996 sanadzuke, ndipo tinathamangira nawo kuchipatala. Madokotala anatiuza kuti mbaulayo inkatulutsa mpweya woipa wosanunkha, ndipo mabowo tinatseka aja ndi amene ankalowetsa mpweya wabwino. Anatisiya pa 14 Januwale.

Ena anatilangiza kuti tingonena kuti anadwala kwa nthawi yochepa. Banja lakana. Tili ndi manyazi, mitima ikutipweteka, koma zitini zotsala tinagawira ena mwa inu, ndipo ndinakusonyezani ndine pomata. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Mukachoka pano, musanavule n'komwe jekete, mukatsegule mabowo amenewo.

Poti mwana mmodzi anatsogola kale, malemu asiya ana atatu, Justus, Vera ndi Helen, komanso zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, amayi a mumpingo uno, ndi abale a ku Coventry amene mwagona nafe pa siwa. Thupi linyamuka Lachinayi kukagona pafupi ndi amuna awo ku Bembeke.

Mayi, zaka zitatu munapirira kuzizira kwa dziko lino osafa nako. Ife tinkangofuna kuti mufunde. Mutikhululukire, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.