Sewero landichotsa pakhomo pa alamu

A pa wailesi, ndine mnyamata wa ku Chikweo, ndipo ine ndatopa, eee! Ndinabwera ku Balaka kwa achemwali anga kudzafuna ntchito. Ntchitoyo sikupezeka, koma foni ndili nayo, ndiye ndimakopera sewero lina la pa TV, la banja lodzaza achibale, tonse n'kumaonera pakhonde.

Tsiku lina m'seweromo munabwera m'bale wodzacheza amene sankafunanso kuchoka. Eni nyumba, pochita manyazi kumuthamangitsa, ankangomufunsa kuti, "Kodi kumudzi mvula sinagwe?" Tinaseka mpaka misozi, ine kuposa onse.

M'mawa mwake alamu anga, uku akupopa njinga, amvekere, "Alamu, ku Chikweo mvula sinagwe?" Abale inu, mu Julayi! Fumbi lokhalokha! Ana nawonso atolera, akumandifunsa ngakhale ndili kubafa. Ndimaseka nawo, koma zikundiwawa, ndipo kumudzi kulibe chimene ndingakachite.

Dzulo ndinalongedza chikwama dala pamaso pa achemwali, ndikudikira kuti anene kuti iyayi, khalani. Koma iwo anangoti, "Achimwene, mukawapatse moni amayi."