Wailesi Pamimba pa Atelala

Mawa lake atelala amayenera kukwera basi kupita ku ukwati wa mwana wawo, ndipo mabasi a masiku ano saimira munthu patchire ngati akale aja, odziwa ulemu. Koma m'mimba munali mutatseguka, ndiye anali gone pabenchi m'shopu, mlamu wawo, mlonda wa pageti, atawaimirira kumutu.

"Ndipatseni makapisozi ali m'kabati ya ulusiyo," anatero atelala.

"Adokotala akana, alamu. Akuti makapisozi omwe mumangomeza mukatsokomola aja ndi amene apha tizilombo tabwino ta m'matumbo."

"Kachilombo kabwino? Munaonapo nsikidzi yopemphera?"

"Akuti timeneto ndi alonda. Tikachuluka, kachilombo koipako kamakhala phee pakona. Kakaona kuti katsala kokha, kamayamba matama."

"Ndiye tikaphe kameneko. Kabati iyo."

Mlonda anapisa dzanja m'thumba la jekete, n'kutulutsa kawailesi.

"Nanga chimenecho?"

"Ine ndikatsala ndekha pageti ndimatsegula wailesi, mbava ziziyesa tilipo ambiri."

"Adokotala anati yogati ndi masamba. Za wailesi sindinamve."

"Yogati ndi kulemba alonda atsopano. Ayambe aphunzira malo, adziwe makona. Basi ndi ya mawa. Kwezani malaya."

"Alamu, ndine bambo wa mkwatibwi ine."

"Eya, ndiye mukufuna mukafike ndi buluku lomwe mwanyamuka nalo."

Atelala anakweza malaya. Wailesi inakhala pamchombo, mkulu wina m'wailesimo akuwerenga nyuzi. M'mimba munalira ngati mashini osowa oyilo.

"Mwamva? Kayankha." Mlonda anawerama, nakuwira pamimba: "Iwe, takuona! Anyamata, zungulirani kuseri!"

"Kuseri kwanga musatumeko munthu."

"Ndiye kumene kamathawira."

"Mchemwali wanga anakwatiwa ndi wamisala. Chotsani chinthuchi, makasitomala akusuzumira pawindo."

"Dikirani kaye."

Anadikira. Atelala anamvetsera mimba yawo monga amamvetserera mashini akangowakonza. Kunali zii. Anatembenukira kumanja, zii. Anayesa kutsokomola pang'ono, mosamala ndithu, ziibe.

Mlonda anapukusa mutu, natambasula dzanja. "Chabwino, alamu, mwina ndi zopusadi. Ndikakutengereni yogati uja."

Atelala anamugwira mkono, maso ali kudenga.

"Muisiye pomwepo. Koma wanyuziyu ali yekha, katulukira posachedwa. Ikani ya mpira."