Kaminibasi Kosafa ka a Toktosun

Kwathu kuno ku Naryn a Toktosun mukhoza kuwanyozera nkhosa zawo, koma osati kaminibasi kawo koyera kaja, kachiwongolero chakumanja ngakhale kuno timayenda kumanja kwa msewu, kamene kanabwera kuno katatopa kale ku Japan. Tsiku limene anaganiza zokapereka kwa mkamwini wawo Kubat, munthu woti ukamuuza kuti dikira pano umakamupeza pomwepo mawa, ine ndinali kumpanda kwanga, ndipo makutu sindinatseke.

"Makiyi awa, mwana wanga," anatero a Toktosun akusisita galasi ndi chipewa. "Mawa unyamule mwana wanga Nazira ndi khanda, ulendo kwanu ku Bishkek. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, sikanandigonekepo panjira."

"Zikomo, bambo. Nanga chingwe ichi n'chachiyani?"

"N'cha chitseko. Chitsekocho chilibe vuto. Kungoti pokhota chimakonda kutseguka, ndiye mayi ako amachigwira."

"Mayi amagwira chingwe," anabwereza Kubat, napinda chala chimodzi.

"Usapinde zala iwe! Tamvera injini."

Kubat anapisa dzanja pazenera, napotokola kiyi. Injini inatsokomola kawiri, n'kukhala chete.

"Sikanalire, bambo."

"Kakuchita manyazi, sikakukudziwa. Kamafuna munthu amenye apa, pansi pa mpando wakumanzere, ndi chidendene."

Kubat anamenya. Zii.

"Osati choncho ngati ukupha njoka! Mayi ako amangogunda kamodzi."

"Mayi amagunda." Chala chachiwiri chinapindika. "Nanga m'nyengo yachisanu?"

"Aa, kamadzuka msanga kuposa iwe! Bola batire ligone m'nyumba, pafupi ndi mbaula."

"Amalilowetsa ndani?"

"Amene amatsekera nkhuku."

"Mayi."

"Iwe, tikukamba za injini ya ku Japan, osati za nkhuku!"

"Pepani, bambo. Pokwera phiri la Dolon sikawira?"

"Kuwira ayi. Kamatuluka thukuta. Iweyo ukakwera phiri sutuluka thukuta? Nthunzi ikangoyamba, mayi ako amatsika ndi ketulo, ine n'kupumako pang'ono."

"Inu mumapuma."

"Woyendetsa amafunika kupuma! Ukufuna ndikagwere kuphompho?"

Kubat analowa, nakhala pachiwongolero, natambasula khosi kumanzere mpaka mutu unagunda galasi.

"Bambo, ine ndili kumanja kuno, m'mphepete mwa msewu. Patsogolo pakakhala lole ya malasha, ndiona bwanji ngati kukubwera galimoto ndisanaidutse?"

"Suona. Ndani anakuuza kuti woyendetsa amaona? Amaona ndi wa kumanzere. Akati 'Pita!' umapita. Akati 'Ukufuna kutipha?' umabwerera."

"Nazira amagona galimoto ikangonyamuka. Ndiponso m'manja ali ndi khanda."

"Aphunzira."

"Mayi anaphunzira nthawi yaitali bwanji?"

"Zaka zitatu ndi ng'ombe imodzi. Koma ng'ombeyo ndi imene inalakwa."

Apa zala za dzanja limodzi zinali zitatha, ndipo Kubat anazisunga chokunga ngati zingathawe.

"Bambo, munayendapo nako popanda mayi?"

"Kamodzi."

"Kanafika?"

"Tsiku limenelo sitiliwerengera. Kunali mphepo."

"Munabwera bwanji?"

"Pa kavalo wa munthu wina. Wasiya kumva? Ndati kunali mphepo!"

Kubat anagwedeza mutu pang'onopang'ono, natsika, nalowa m'nyumba. A Toktosun anandiyang'ana monyada, akuloza kaminibasi ndi chibwano, ngati ine sindinakakankhepo. Posakhalitsa mkamwini anatuluka nkhope ili gwa, wokhutira.

"Zatheka, bambo. Mayi avomera."

"Avomera chiyani?"

"Kupita nafe. Popanda iwo sikayenda, ndiye akakhala kwathu mpaka Nazira aphunzire. Akulongedza."

"Akulongedza? Burul wangayo?"

"Eya. Asangalala kwambiri. Akuti sanagonepo m'nyumba yosanja."

"Wawauza kuti akakhala masiku angati?"

"Zaka zitatu, monga mwanenera. Andituma ndikufunseni ngati mukudziwa pomwe pamakhala machesi."

Ndinawamvera chisoni a Toktosun, kunena zoona. Munthu uja chikwatirire sanaphikepo tiyi, ndipo ng'ombe zake zimamudziwa ngati mlendo. Anayang'ana khomo la nyumba, kenaka anatambasula dzanja.

"Bweretsa makiyiwo."

"Koma mwandipatsa, bambo. Anansi aona."

"Anansi aone kawiri! Bweretsa!"

"Mwati ndi kodalirika."

"Kodalirika chiyani? Chitseko chomanga ndi chingwe? Injini yomenya ndi chidendene?" Anakwatula makiyi, nawaponya pansi penipeni pa thumba la jekete. "Chiphapha ichi chinafa kalekale, ndiye iwe wopanda chisoni ukufuna kunyamuliramo mdzukulu wanga? Pitani kudepoti mukakwere basi!"