Alendo Anga Ankadya kwa a Nyachirwa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, nonse amene mumawerenga zimene ndimalemba pa tsamba lino, landirani moni wochokera ku Kande. Ambiri mumandidziwa ngati munthu wa nthabwala, koma lero ndikupempha kuti mukhale ngati muli m'tchalitchi, chifukwa ndili ndi umboni. Kwa miyezi itatu ndinali wotsatsa malonda pa intaneti amene malonda ake ankatamandidwa ndi anthu a mayiko osiyanasiyana, koma wogula osaoneka ndi mmodzi yemwe. Ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito ndi amalume anga enieni.

Ndiyambe ndi za sukulu. Ndinapita ku koleji ku Mzuzu kukaphunzira za makompyuta, ndipo m'chaka chachiwiri ine ndi mayeso tinasiyana maganizo. Mayeso anali ndi mafunso ake, ine ndinali ndi mayankho anga, sitinakumane. Ndinabwerera kumudzi ndi chikwama chimodzi, laputopu ya batire lakufa, ndi dzina limene anthu anandipatsa loti Bwana Kompyuta. Kuno ukangoti unaphunzirako makompyuta, amakubweretsera wailesi, tochi, ngakhale wotchi yapakhoma kuti uikonze.

Amene ananditola ndi amalume anga a Longwe, amene kwathu kuno timati asibweni. Iwowa anagwira ntchito yophika ku Joni zaka zambiri, ndipo atabwerako anamanga kaloji ka zipinda zinayi pafupi ndi nyanja. Zipinda zaukhondo, maneti atsopano, matawulo opinda bwino, koma ogonamo anali abuluzi. Alendo ankangodutsa pamsewu wa tala n'kupita kumaloji akuluakulu.

Tsiku lina asibweni anandiitana. "Mphwanga, alendo a masiku ano safunsa njira kwa munthu, amafunsa foni. Iwe unaphunzira zimenezo. Utiike mufoni." Ndisanayankhe anapitiriza. "Ndakupatsa miyezi itatu. Mlendo akapanda kugona muno, malo ndakupezera kale ku esiteti ya raba. Kapitawo wake ndi mnzanga wa ku Thyolo."

Anthu ocheka mitengo ya raba ndimawalemekeza kwambiri, ndipo ndinkafuna kupitiriza kuwalemekeza ndili patali.

Ku koleji kunali phunziro lina lotchedwa SEO, ndipo ine ndinalowako theka lake. Zimene ndinatolapo ndi izi. Munthu akalemba pafoni kuti akufuna malo ogona ku Kande, pamatuluka mndandanda wautali, koma iye amangodina amene ali pamwamba. Ntchito yako ndi kukankhira bizinesi yako pamwambapo. Pamafunika dzina lokhala ndi mawu amene anthu amafufuza, zithunzi zabwino, malo ako pa mapu a pafoni, ndi ndemanga za alendo. Theka linalo la phunziro sindikulidziwa mpaka lero.

Ndinayamba ndi dzina. Loji yathu aliyense kuno amangoti pa Joni, ndipo chikwangwani cha kumsewu chinalembedwa choncho. Ine ndinaona kuti palibe mlendo angalembe zimenezo pafoni, ndiye ndinapeka dzina lachizungu la mawu anayi, muli nyanja, muli mchenga, muli paradaiso, muli Kande. M'mudzi sindinauze aliyense, poti dzinalo linali la pa intaneti, osati la anthu.

Vuto linali netiweki. Palojipo foni imangokhala tochi. Malo amene ndinkadziwa kuti imagwira bwino anali pachulu china kumtunda, kuwoloka tala, kuseri kwa nyumba ya a Nyachirwa, mayi wamasiye, mlimi wa chinangwa, amenenso ndi mkulu wa mpingo. Ndinakwera pachulupo m'mawa wina n'kulembetsa zonse. Foni inafunsa mafunso ambiri, lina mwa iwo linali lakuti kodi bizinesi yanu ili pamene muli panopa. Ndinadina eya. Tsiku limenelo ndinkadina eya pa chilichonse kuti bandulo isandithere. Ndikumaliza, a Nyachirwa anatulukira n'kundiuza kuti chulu si ofesi, ndipo ndaponda maungu awo. Kuyambira pamenepo netiweki ndinkakaisaka pa sitolo za kumsewu, kumtunda kuja sindinapitenso.

Patatha milungu iwiri ndemanga yoyamba inalowa. Nyenyezi zisanu. Anali azungu awiri oyenda panjinga zakapalasa, ndipo analemba kuti chiyambire ulendo wawo anali asanadye chakudya chokoma ngati cha pamalo pathu, ndipo akuthokoza kwambiri Mama. Ndinathamanga kukatsegula buku la alendo. Loyera. Ndinafunsa asibweni ngati kunabwera munthu ine kulibe, iwo anati kunabwera wogulitsa nkhuni. Ndipo paloji pathu palibe Mama aliyense, mkazi wa asibweni anatsala ku Joni.

Ndemanga yachiwiri inayamikira mthunzi wa mtengo wa mango pabwalo, ndi mbuzi zaulemu, kungoti nyanja ili patali kusiyana ndi mmene zithunzi zikuonetsera. Ife mtengo wa mango tilibe, ndipo nyanja tili nayo pafupi moti chaka china inatenga mpanda. Yachitatu inati mwini malo ndi munthu wodabwitsa, anakana kulandira ndalama. Apa ndiye ndinakhala pansi. Asibweni ndimawakonda, koma zimenezo sangachite ngakhale atadwala malungo.

Abale, ndinasokonezeka. Ndinaganiza kuti mwina kuli Kande wina kudziko lina. Ndinaganiza kuti anzanga a ku koleji akundiseweretsa. Ndinaganiza za akuba a pa intaneti, koma wakuba wanji amene amakusiyira nyenyezi zisanu? Ndinatsegulanso mapu kuti ndione, koma mapu a kwathu kuno ndi obiriwira basi, ndi kamzere kamodzi ka msewu, ndipo kachizindikiro kathu kanali penapake m'zobiriwiramo. Ndinati zili bwino. Nambala ya foni imene ndinaikapo inali yanga, ndipo tsiku lonse ndinkakhala paloji pamene foni siilira.

Chomwe ndinakumbukira n'chakuti aphunzitsi anati ndemanga iliyonse uziyankha. Ndiye ndinkayankha mokhulupirika. Ndinkathokoza anthu amene sindinawaonepo chifukwa cha chakudya chimene sindinaphike, n'kuwauza kuti adzabwerenso kumene sanabwereko. Ndipo tinayamba kukwera. Pofika mwezi wachitatu, ukalemba kuti malo ogona ku Kande, dzina lathu linkatuluka pamwamba penipeni, kuposa maloji okhala ndi majenereta.

Ndinajambula chithunzi chake n'kukawaonetsa asibweni. Anayang'ana foni, anayang'ana zipinda, anayang'ana ine. "Nyenyezi zakozo zigona chipinda chiti?" Mawa lake ndinapeza magambutsi atsopano pakhomo la chipinda changa. Anali a kumunda wa raba, ndipo saizi inali yanga ndendende.

Sabata yomalizayo inali yowawa, ndipo pano sindikuseka. Sukulu inali itandikana kale. Mayi anga anali atauza anzawo kuti mwana wawo ndi manejala wa loji, tsopano ndinkati ndidzawauza chiyani? Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti sindinkadziwa chimene ndalakwitsa. Munthu ukalephera mayeso amakuonetsa pepala lofiira, umaona. Apa pepala linkati ndakhoza, koma mabedi anali oyala bwino ngati tsiku loyamba. Chakudya chinasiya kulowa. Ndinagwada m'chipinda nambala 3, poti ndi chimene chili ndi kapeti, n'kupemphera pemphero limene silinali lokongola. Ndinati, Ambuye, sindikupemphanso alendo. Ingondiuzani kumene akupita.

Lachitatu masana ndinapita ku mapemphero a pakati pa sabata, kumene ndinali ndisanapiteko chibwerereni kuchokera ku Mzuzu. Tinali anthu ochepa, ambiri azimayi. Itafika nthawi ya zopempha, a Nyachirwa anaimirira. Analankhula m'Chitonga, koma ndikuuzani m'Chichewa.

Anati, "Mundipempherere, ndili pa mayesero amene sindikuwamvetsa. Miyezi iwiri tsopano kunyumba kwanga kukubwera anthu achilendo. Amabwera atatsogoza foni ngati munthu wanyamula kandulo, amafika pachulu paja, amayang'ana foni, amayang'ana ine, n'kumwetulira. Amatchula mawu ena ake achizungu, ndafunsa aneba onse palibe akuwadziwa. Tsono inu mukudziwa, munthu akafika pakhomo dzuwa lili pamutu sumufunsa zambiri, umamupatsa madzi osamba m'manja. Ndaphika kondowole, ndaphika usipa, ndasinja chigwada. Akadya amatulutsa ndalama, ine ndimakana, kodi ndine lesitilanti? Awiri anamanga tenti pabwalo. Chinangwa chimene ndinaviika chatha, ndayamba kuzula munda umene ndinasungira nthawi ya mvula. Ngati ndi Mulungu akuwatuma, ndalandira. Koma awatumeko ndi kwa ena."

Anthu anati ameni. Ndinatuluka mwakachetechete, ndinapita pakona ya tchalitchi pamene netiweki imagwirako pang'ono, ndinatsegula mapu n'kuwakulitsa mpaka pamapeto. Kachizindikiro ka loji yathu sikanali kunyanja. Kanali pachulu. Pamene ndinadina eya tsiku lija, foni inamva kuti paradaiso wa mchenga ali kuseri kwa nyumba ya a Nyachirwa, ndipo inakhala ikutumiza alendo kumeneko mokhulupirika. Dzina limene ankafunsa linali lija ndinapeka ndekha.

Ndikuuzeni zoona, satana anandinong'oneza kuti ndingosuntha kachizindikiroko osauza munthu. Koma mayi uja anali atangopempha mapemphero pamaso panga, ndipo mayesero ake ndinali ine. Mapemphero atatha ndinawatsatira panja, ndinagwada, n'kufotokoza zonse. Zinatenga nthawi, chifukwa kufotokozera mkulu wa mpingo kuti nyumba yake inasanduka loji m'mwamba momwemo si ntchito yamasewera.

"Ndiye anthu onsewa ndi ako?"

"Ndi a asibweni, ama."

"Ndiye a Longwe adya chinangwa changa. Tiye."

Tinatsetsereka limodzi mpaka kunyanja, iwo patsogolo ine pambuyo. Asibweni anamvetsera nkhani yonse osaphethira. Ine pofuna kuoneka wothandiza ndinati ndikonza lero lomwe, ndipo a Nyachirwa sadzavutikanso ndi mlendo aliyense. Mayiwo ananditembenukira. "Nanga akabwera kudzafuna Mama, udzawauza kuti ndinamwalira?"

Pamenepo ndinasokonezekanso, chifukwa ndinkaganiza kuti akufuna kupuma. Koma zinaoneka kuti chinkawawawa ndi ufa, osati alendo. Anati nyumba ija inali zii chimwalirireni amuna awo, ndipo anthu a mafoniwa, ngakhale sadziwa kutema kondowole, amaseka bwino. Asibweni, munthu amene amadziwa kuphika zakudya zonse za azungu, anati mayiwo abwere aziphika paloji, azilandira malipiro. A Nyachirwa anakana. Anati chakudya cha mlendo sagulitsa, ndipo sayamba lero. Anakangana mwaulemu kwa ola lathunthu, aliyense akutchula mnzake ndi ulemu wonse koma osasuntha. Pomaliza anagwirizana kuti alendo azigona kwathu, masana azikwera kumtunda kukadya kwa Mama monga alendo a pakhomo, ndipo ufa, nsomba ndi nkhuni zizichokera kwa asibweni. Munda umene unazulidwa uja anati ubzalidwenso. Onse awiri anayang'ana ine.

Kachizindikiro ndinakasuntha Lachinayi, ndi chala, pang'onopang'ono, mpaka kanafika pamchenga. Loweruka masana galimoto inaima pachipata. Munatuluka banja la ku Lilongwe, bambo, mayi ndi apongozi awo, ndipo funso lawo loyamba linali lakuti Mama ali kuti. Asibweni anatsegula buku la alendo, cholembera chinakana kulemba chifukwa chokhalitsa, anabwereka cha mlendo. Anagona masiku awiri.

Miyezi itatu ija inkatha Lolemba. Ndinadzuka ndikudikira chiweruzo. Asibweni anamwa tiyi wawo wonse, anapukuta pakamwa, kenako anati, "Upite ku Chintheche ukagule penti. Dzina lako lachizungulo ulilembe pachikwangwani, pansi pa lathu, anthu asamasochere." Umu ndi mmene ndinadziwira kuti ntchito ndikadali nayo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero langa monga mmene ndinalipemphera, osawonjezera kapena kuchotsera. Ndikuthokoza a Nyachirwa, amene anatikweza pamwamba pa mndandanda asakudziwa kuti mndandandawo ulipo. Ine ndinalemba mawu ambiri okopa, koma palibe mlendo anatchulapo mawu anga. Onse ankatchula mayi amene anawapatsa madzi osamba m'manja asanawafunse dzina. Ndikuthokozanso asibweni chifukwa chondipirira.

Iwe m'bale wanga amene ukugwira ntchito koma zipatso sukuziona, usataye mtima. Mwina zikugwera pabwalo la munthu wina amene nayenso akudabwa. Pemphera ngakhale pemphero lako likhale losakongola, ndipo mapemphero a pakati pa sabata usamajombe, chifukwa yankho langa linaimirira pa benchi yachitatu n'kupempha kuti tilipempherere. Ambuye akusungeni nonse.

Dzulo mwini sitolo ina ya ku Chintheche anandipeza ndikubzala chinangwa, n'kundipempha kuti bizinesi yake ndiichitire chimodzimodzi ngati mmene ndinachitira ya asibweni. Ndamuuza kuti andipatse sabata ndipemphere kaye, chifukwa sindikudziwa kuti ndiyambire pati kulakwitsa.