Madesiki Amene Munandithyolera, Mayi Sipikala

Bambo mkulu wa koleji yathu, achiwiri awo, aphunzitsi nonse, anzanga a kukhitchini, a pageti ndi a m'maofesi, ophunzira amene mwaima kumbuyoko, abale a Mayi amene tikutsanzikana nawo lero, makamaka bambo a kunyumba amene akhala phee apowo, ndakulonjerani nonse. Zikomo pondipatsa mpata.

Ambiri mukundidziwa. Ndine kalipentala wa pano. Sukulu ndinangoinunkhiza, ndiye mawu awa ndinawanena kunyumba pang'onopang'ono, mwana wanga wamkaziyu akulemba. Awerenga ndi iye, ine ndiima pambali pake. Pakamwa ndi pake, mawu ndi anga. Akadumpha pena ndimva.

Ndiyambe ndi chimene chandikhala pakhosi. Sabata yatha abwana anandiitana ku ofesi. Akuti Mayi akapita, phunziro lawo la ndale ndi kayendetsedwe ka boma lipita nawo. Akuti si phunziro lalikulu, ndi lachiwiri, longowonjezera, ndipo olisankha ndi ochepa. Ndiye Lolemba likubwerali nditulutse madesiki m'chipinda chakumapeto chija, ndikhomemo mashelefu, chisanduke mosungira katundu. Pomaliza anaseka. "Amisiri, mwapuma tsopano. Si inu mumadandaula tsiku ndi tsiku?"

Zoona, ndine. Ndipo lero ndidandaula pamaso panu, Mayi Sipikala, chifukwa mawa ndidzakusowani.

Amene simukudziwa, dzina limeneli anawapatsa ndi ophunzira. Desiki, anthuni, inapangidwa kuti iziyang'ana kubolodi. Mayi awa anabwera ali mtsikana, chikwama chachikulu kuposa mwini wake, n'kulamula kuti madesiki ayang'anizane. Uku boma, uku otsutsa, iwo pakati. Kunyamula bwino ayi, kukoka ndi mwendo umodzi. Wina akalankhula zomveka, onse kumenya madesiki ndi zikhatho. Ndinapita ndi ulemu wanga. Ndinati, "Mayi, desiki ndi yolembera, si ng'oma."

Iwo anati, "Amisiri, kunyumba ya malamulo amatero."

Ine ndinati, "Kunyumba ya malamulo ali ndi kalipentala wawo."

Mukudziwa chimene anandiyankha? "Mfundo yabwino. Nanga wotsutsa akuti chiyani?" Ine ndabwera ndi mwendo wa desiki m'manja, iwo akufunafuna munthu wonditsutsa!

Mawu amenewo onse pano tawamva. Ukawauza kuti kukubwera mvula, akufunsa umboni. Ophika akati tiyi watha, akufuna kudziwa anagamula ndani. Bambo a kunyumba, ndikukuonani mukugwedeza mutu. Musaope, lero muli pakati pa anzanu.

Koma nawonso anayamba ndi kupunthwa. Chaka chawo choyamba anauza ophunzira kuti m'chipinda muno chimene ambiri afuna ndicho chichitike. Ana aja sanachedwe. Anavota kuti mayeso athe. Anavotanso kuti Lachisanu asamaphunzire. Kenaka wina anaimirira n'kunena kuti aphunzitsi azilankhula pokhapokha akapatsidwa mpata, ndipo madesiki analira mpaka mlonda anaimba wenzulo poganiza kuti kwabuka chipolowe. Masana ake Mayi anabwera kushedi kwanga, anakhala pa thabwa la utuchi, nsapato m'manja. Anati, "Amisiri, andilanda boma."

Ndinati, "Munapereka nokha."

M'mawa mwake analowa m'chipinda muja n'kuwaphunzitsa kuti pali zinthu zina zimene ngakhale ambiri sangafafanize ndi kukweza manja, ndipo ndi chifukwa chake dziko limakhala ndi malamulo aakulu oposa aliyense. Mayeso analembedwa sabata yomweyo. Woyambitsa chiwembu uja lero ndi mphunzitsi wamkulu, wakhala pamzere wachiwiri apo. Musamuyang'ane, akudzidziwa.

Madesiki ndikanapirira. Chimene chinandipweteka ndi choti Mayi awa analowa m'nyumba mwanga osagogoda.

Mwana akuwerengayu atasankhidwa kudzaphunzira uphunzitsi pano, ndinayenda ngati ndakwera kavalo. Mwana wa kalipentala! Ndinamuuza kuti phunziro lachiwiri atenge masamu, kapena ulimi, zinthu zogwirika. Anabwera n'kunena kuti, "Ababa, ndatenga ndale." Ife tinakula tikudziwa kuti ndale ndi moto, ukaona ikuyaka umadutsa patali. Ndipo munthu wokaphunzitsa ana oti mamina sanaume, ndale azitani nazo? Ndinathamangira kwa Mayi. Ndinati, "Mundibwezere mwana wanga."

Iwo anati, "Mwamufunsa mwini wake?"

Kumufunsa! Ndinabereka ndine, ndizipemphanso chilolezo?

Holide yoyamba, nyumba yanga inasanduka chipinda chakumapeto chija. Pabwalo pathu pali mtengo waukulu. Ndinaufuna kuti ndicheke matabwa a chitseko. Ndanola kale sowo, mwanayu akuti, "Ababa, tiyambe takhala pansi, aliyense anenepo." Ndinavomera, chifukwa ndinkadziwa kuti amayi ake ali mbali yanga. Mkazi amene ndakhala naye kuyambira ndili ndi tsitsi lakuda, sananditsutsepo pagulu. Tsiku limenelo, povota, anakweza dzanja londitsutsa mpaka chala kukhudza denga. Anati, "Bambo, zaka zonsezi mumangodula osafunsa. Ine ndimachapa pamthunzi umenewo." Ndinatsala ndekha ndi galu, galunso alibe voti.

Mtengowo ulipo mpaka lero. Ndimakhala pansi pake masana. Koma musayembekezere kuti ndinene kuti anakhoza.

Pofika apa polemba, mwanayu anaika cholembera pansi, akuti, "Ababa, anakupemphani mawu otsanzikana, osati mlandu." Ndinamuuza kuti alembe, zabwino zikubwera. Nazi.

Atamaliza maphunziro anamutumiza kusukulu ina ya pulaimale. Tsiku lina anandipempha kuti ndikakonze chitseko cha kalasi yake. Ndinapita ndi zida zanga. Ndikugwada pakhomo paja, m'kati munali chisankho cha mtsogoleri wa kalasi. Nthawi yathu, aphunzitsi ankangoloza mnyamata wamkulu thupi, n'kumupatsa ndodo. Apa ayi. Anaima awiri kutsogolo, chimnyamata chachitali ndi kamtsikana kochepa ngati hamala yanga. Aliyense ananena zimene adzachite. Ana anaponya timapepala m'katoni, n'kuwerenga mokweza onse akuona. Kamtsikana kanapambana.

Ndinasiya kukhoma. Ndinati apa pakhala nkhonya. Chimnyamata chija chinagwetsa misozi. Mwana wangayu sanachikalipire. Anangofunsa kalasi kuti, "Wogonja amatani?" Ana onse pamodzi, "Amapereka moni!" Chinapukuta maso ndi malaya, chinapita, chinagwira dzanja la kamtsikana kaja. Kenaka mwana wanga anafunsanso, "Nanga wopambana amatani?" Ana, "Amamvera ndi amene sanamuvotere!"

Anthuni, zimene zikukanika madoda a ndevu ndi magalimoto awo, ndinaziona zikuchitidwa ndi ana opanda mano akutsogolo.

Sizinathere pomwepo. Kamwana kena kanakweza dzanja n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ine sindikugwirizana nanu pa nkhani yosesa. Atsikana tikusesa kawirikawiri kuposa anyamata." Ndinayang'ana pakona kufuna kuona pamene pali chikwapu. Panalibe. Mwana wanga anangoti, "Fotokoza, tikumve."

Ndikuuzeni chifukwa chake ndinayang'ana pakona. Ine sukulu sindinaisiye chifukwa cha umbuli. Ndinafunsa aphunzitsi funso limodzi, loti n'chifukwa chiyani ife timalima munda wawo pamene ana awo ali m'kalasi. Anandikwapula mpaka kukhala pansi kunandikanika. Sindinabwerereko. Ndiye nditaona kamwana kaja kakutsutsa aphunzitsi, n'kukhala pansi bwinobwino, thupi lonse lili lake, ndinatembenukira kuchitseko n'kumanamizira kuti utuchi wandilowa m'maso.

Mayi Sipikala, ana amenewo simunawaonepo, iwonso sakudziwani. Koma mawu amene ankalankhula ndi anu. Ndinawazindikira, chifukwa ndakhala ndikuwamva kudzera pazenera zaka zonsezi ndikukhoma miyendo ya madesiki. Mwagwira ntchito. Munkafika m'mawa ife tisanatsegule shedi. Ophunzira a zipani zodana ankakhala m'chipinda chimodzi, ndipo mpaka lero palibe amene akudziwa kumene inu mumavotera, ngakhale ophika anayesa kukufunsani mochenjera. Mwana wa kalipentala munamulankhula ngati mmene munkalankhulira mwana wa bwana. Ine munandivutitsa, koma simunandinyozepo. Zikomo, Mayi. Ndikunena ndi mtima wonse, ngakhale msana wanga sukugwirizana nazo.

Tsopano kwa inu, bambo mkulu wa koleji. Amayi ake a mwanayu andichenjeza potuluka m'nyumba. Akuti, "Bambo, mwatsala pang'ono kupuma nanunso, tsekani pakamwa mungachoke opanda chabwino." Mwina akunena zoona. Ine sindinakanepo ntchito pano. Mukati khoma, ndimakhoma. Mukati gwetsa, ndimagwetsa. Koma za Lolembazi, bwana, ndi ulemu wonse, sindikugwirizana nanu.

Mwati olisankha ndi ochepa. Inde. Koma mphunzitsi mmodzi akatuluka pageti apo, amakaima pamaso pa ana odzaza chipinda, chaka ndi chaka mpaka imvi. Katundu wofuna mashelefu ndi mipando yothyoka ndi zitini za penti. Zimenezo bweretsani kushedi kwanga, ndizipezera malo, ine ndizigwirira ntchito panja. Mukati wophunzitsa palibe, tayang'anani m'holo muno. Mayi anadzala mbewu zambiri, zina zakhala pamipando yanu yomweyi.

Ndikudziwa kuti pano si pamsonkhano wogamula. Mayi anatiphunzitsa kuti chilichonse chili ndi bwalo lake. Sindikukulandani boma, bwana. Ndikungopempha kuti musanatseke chitseko chija muone kaye maganizo a anthu. Ndiye ine, amene ndadana ndi kuvota moyo wanga wonse, amene ndinagonja m'nyumba mwanga momwe, ndikupempha chinthu chimene sindinaganizepo kuti ndidzapempha.

Amene mukufuna kuti phunziro la Mayi lipitirire, kwezani manja. Amene simukufuna, khalani momasuka, palibe akulondeni. Manja akachepa, Lolemba m'mawa ndidzafika ndi hamala, ndidzakupatsani moni, bwana, n'kukhoma mashelefu owongoka bwino. Akachuluka, mutiitane tikhale pansi, hamala idikire.

Apa ndamuuza mwanayu aime kaye, ndione manjawo ndi maso anga. Langa ndi ili.

Mayi Sipikala, pitani mukapume. Mukadzuke dzuwa litakwera, mukamwe tiyi wosafunsa kuti anagamula ndani. Bambo a kunyumbawa muziwalolako kupambana mwa apo ndi apo, nawonso ndi munthu. Mulungu akupatseni masiku ambiri ndi mawondo olimba.

Ndipo inu nonse, amene mwakweza manja ndi amene simunakweze, pa ichi chokha palibe wotsutsa. Imirirani tiwaombere m'manja Mayi athu. M'manja, ndati! Matebulowo asiyeni, ndinapanga ndine.